Munthu mmodzi, zilango za maboma awiri: mlandu wa Muhammad ndi Malvo

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi ya milandu ya upandu, pali funso limene limabwera kawirikawiri. Munthu ali ndi moyo umodzi, nanga khoti likamulamula kuti akhale m'ndende moyo wake wonse kakhumi, phindu lake n'chiyani? Ena amapitiriza: bwanji ngati anthuwo anawaphera m'madera osiyana, dera lililonse lili ndi makhoti ake ndi ndende zake? Akayambira kuti ukaidi, ndipo enawo adikira mpaka liti?

Kwathu ku Malawi funso lachiwirili silivuta kwenikweni, chifukwa wopha munthu ku Karonga ndi wopha munthu ku Nsanje amaweruzidwa ndi lamulo limodzi ndipo amasungidwa ndi nthambi imodzi ya ndende. Ku America n'kosiyana. Dzikolo lili ndi zigawo 50, ndipo pa nkhani ya upandu chigawo chilichonse ndi boma palokha. Chili ndi malamulo ake, oimira boma pa milandu ake, bwanamkubwa wake ndi ndende zake. Pamwamba pa zonsezo palinso boma lalikulu la ku Washington, nalonso ndi makhoti ndi ndende zake. Mlandu umene umaonetsa bwino mmene zimenezi zimayendera ndi wa John Allen Muhammad ndi Lee Boyd Malvo.

Masabata atatu a mu Okutobala 2002

Kuyambira pa 2 mpaka pa 22 Okutobala 2002, anthu 13 anawomberedwa ndi mfuti kuchokera patali m'madera ozungulira mzinda wa Washington. Anthu 10 anamwalira, atatu anavulala, ndipo mmodzi wa ovulalawo anali mnyamata wa zaka 13 amene ankafika pasukulu. Anali anthu ongodzichitira za tsiku ndi tsiku. Wina ankatchetcha kapinga, wina ankathira mafuta m'galimoto, wina anakhala pabenchi, wina anali dalaivala wa basi ataima pakhomo la basi yake m'mamawa. Pa 3 Okutobala pokha anthu anayi anaphedwa m'mawa umodzi, ndipo wachisanu anaphedwa usiku wake.

Pa omwalirawo, 6 anaphedwera m'dera la Montgomery County m'chigawo cha Maryland, atatu ku Virginia, mmodzi mumzinda wa Washington momwemo. M'bandakucha wa pa 24 Okutobala apolisi anapeza Muhammad, wa zaka 41, amene kale anali msilikali, ndi Malvo, mnyamata wa zaka 17 wobadwira ku Jamaica, ali mtulo m'galimoto ya Chevrolet Caprice pamalo opumira apaulendo pafupi ndi Myersville ku Maryland. M'galimotomo munali mfuti ya Bushmaster, ndipo buti ya galimotoyo inali itabooledwa kuti munthu azitha kuwombera atagona mkati. Kafukufuku atapitirira, awiriwa anakhudzidwanso ndi imfa za anthu ku Alabama, Louisiana, Arizona ndi chigawo cha Washington (osati mzinda uja), zimene zinachitika miyezi ya m'mbuyo m'chaka chomwecho.

Ayambe ndani?

Palibe lamulo lonena kuti kumene kwafa anthu ambiri ndiko kuyambe kuzenga mlandu. Anthu amaganiza choncho, ndipo m'maso mwa munthu wamba n'zomveka, koma chimene makhoti a ku America amatsata n'china. Boma limene layamba kumugwira munthuyo n'kumusunga ndilo limakhala ndi mphamvu yoyamba pa thupi lake. Mphamvuyo imakhalabe yake mpaka litamumasula, litathetsa mlandu, litamupereka kwa ena mwakufuna kwake, kapena chilango chitatha. Khoti la Supreme la dzikolo linafotokoza maziko a zimenezi kale mu 1922 pa mlandu wa Ponzi v. Fessenden: maboma awiri akafuna munthu mmodzi, womusungayo akhoza kumubwereketsa kwa mnzake, ndipo woimbidwa mlanduyo alibe ufulu wosankha kuti ayambe ndi uti.

Muhammad ndi Malvo anagwidwira ku Maryland, koma anasungidwa m'manja mwa boma lalikulu. Choncho wosankha anali John Ashcroft, mkulu wa zamalamulo m'boma la George W. Bush. Douglas Gansler, woimira boma pa milandu ku Montgomery County, anafuna kuti ayambe iye, popeza maliro ambiri anali kwawo. Ashcroft sanamumvere. Mu Novembala 2002 boma lalikulu linasiya milandu yake n'kupereka awiriwa ku Virginia.

Chifukwa chake sichinabisike. Nthawi imeneyo Maryland inali itaimitsa kaye kupha akaidi, ndiponso malamulo ake sankalola chilango cha imfa kwa munthu amene anapalamula asanakwane zaka 18. Virginia inkalola, ndipo inali m'gulu la zigawo zimene zinkapha akaidi ambiri. Inalinso ndi lamulo latsopano lothana ndi zauchifwamba zoopseza anthu, limene linakhazikitsidwa pambuyo pa zomwe zinachitika pa 11 Sepitembala 2001, ndipo lamulolo linkatheketsa kupempha chilango cha imfa kwa Muhammad ngakhale popanda umboni woti iyeyo ndiye anakoka chowombera.

Pano ndiyenera kunena maganizo anga. Kusankha khoti potengera kumene mnyamata wa zaka 17 angaphedwe mosavuta sindikuona ngati chilungamo, ngakhale kuti lamulo linkalola. Zimene Malvo anachita n'zoopsa ndipo sindizichepetsa. Koma chisankho cha mu Novembala 2002 chija n'chimene chalamulira china chilichonse kufikira lero, ndipo anachipanga ndi munthu wa ndale, osati jaji.

Ku Virginia

Milandu iwiriyi inasamutsidwa kupita kutali ndi kumene kunachitikira zinthuzo, pofuna kupeza anthu a jury, kagulu ka nzika wamba kamene kamagamula ngati munthu ali wolakwa, amene sanakhale nawo m'mantha a masabata aja. Muhammad anazengedwa ku Virginia Beach pa imfa ya bambo amene anawomberedwa pamalo omwetsera mafuta pafupi ndi Manassas pa 9 Okutobala. Anapezeka wolakwa pa 17 Novembala 2003, ndipo mu Malichi 2004 jaji anamulamula kuti aphedwe. Ngakhale mlandu unali wa imfa imodzi, khoti linamva umboni wa kuwombera kwa ku Maryland, Alabama ndi Louisiana, posonyeza kuti zonsezo zinali ntchito imodzi.

Malvo anazengedwa ku Chesapeake pa imfa ya mayi wogwira ntchito ku FBI, bungwe la boma lalikulu lofufuza milandu, amene anawomberedwa panja pa sitolo ya Home Depot ku Fairfax County pa 14 Okutobala. Anapezeka wolakwa mu Disembala 2003, koma jury inakana kuti aphedwe. Inasankha kuti akhale m'ndende moyo wake wonse popanda parole, ndiko kuti popanda mwayi wodzatulutsidwa msanga n'kumayang'aniridwa ali kunja. Mu Okutobala 2004 anavomeranso chilango pa milandu ya ku Spotsylvania County, ya kupha bambo mmodzi ndi kuvulaza mayi mmodzi. Zilango zake za moyo wonse ku Virginia zinakwana zinayi. Maganizo omuzenganso kuti mwina jury ina ingalole kuti aphedwe anatha pa 1 Malichi 2005, pamene khoti la Supreme pa mlandu wa Roper v. Simmons linaletsa m'dziko lonse kupha munthu pa mlandu umene anapalamula asanakwane zaka 18.

Kapepala kotchedwa detainer

Boma limene lilibe thupi la munthuyo siligona. Limatumiza ku ndende imene akusungidwa chikalata chotchedwa detainer. Uthenga wake ndi wachidule: munthu ameneyu ifenso tikumufuna, musadzamutulutse osatiuza. Kapepala kameneka kamaoneka kachabe, koma kamasintha moyo wa mkaidi. Kawirikawiri amaikidwa m'gulu la oyang'aniridwa kwambiri, ndipo tsiku lotuluka likadzafika sapita kwawo, amangosintha omusunga.

Kamakhalanso msampha kwa okatumizawo. Fairfax County inafuna kumuzenga Muhammad kachiwiri kuti pakhale chigamulo china cha imfa chosungira. Kumayambiriro kwa 2004 inatumiza detainer ku ndende ya ku Prince William County kumene iye anali. Jaji anagamula kuti kuyambira pamenepo Muhammad ankawerengedwa kuti wamangidwa pa mlandu wa ku Fairfax, ndipo lamulo la Virginia limafuna kuti munthu wosungidwa m'ndende ayambe kuzengedwa isanathe miyezi isanu. Miyeziyo inali itadutsa. Mu Okutobala 2004 mlanduwo unathetsedwa. Amenewa anali madera awiri a chigawo chimodzi, koma phunziro lake kwa ife ogwira ntchitoyi n'lofanana: tsiku limene watumiza kapepalako, wotchi yayamba kuyenda, kaya wakonzeka kaya ayi.

Pakati pa zigawo pali mgwirizano wolembedwa wotchedwa Interstate Agreement on Detainers, umene zigawo 48 ndi boma lalikulu zinalowamo. Louisiana ndi Mississippi sizinalowe. Mkaidi akapempha yekha kuti mlandu umene ukumudikira kwina uzengedwe, boma lomufunalo lili ndi masiku 180. Woimira boma akamuitanitsa, mlandu uyambe pasanathe masiku 120 chifikireni. Akamubweza asanamuzenge, mlanduwo umafa, ndipo khoti la Supreme linatsindika zimenezi mu 2001 pa mlandu wa Alabama v. Bozeman, pamene mkaidi anangotengedwa tsiku limodzi n'kubwezedwa. Koma mgwirizanowu umakamba za milandu imene sinazengedwe. Mawu amenewa tiwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Maryland inavutikiranji?

Mu 2005 Virginia ndi Maryland anagwirizana kuti awiriwa abwereketsedwe ku Montgomery County, ndipo akatha abwezedwe. Ambiri anafunsa kuti ndalama ndi nthawi zikuwonongekeranji pa munthu amene walamulidwa kale kuti aphedwe. Muhammad anadziimira yekha pa mlanduwo mu Meyi 2006. Malvo anaima monga mboni ya boma n'kufotokoza mmene ankakonzera zinthuzo, kenako anayankha mafunso kuchokera kwa munthu yemweyo amene kale ankamutcha bambo. Pa 30 Meyi Muhammad anapezeka wolakwa pa imfa zonse 6, ndipo analandira zilango 6 za moyo wonse, zotsatizana, popanda parole. Malvo anavomera milandu yake mu Okutobala 2006, ndipo mu Novembala analandira zofananazo. Zake zinalembedwa kuti zidzayamba zilango za ku Virginia zikatha.

Apa ndi pamene pali yankho la funso loyamba lija. Zilango zikhoza kuyendera limodzi, kutanthauza kuti tsiku limodzi m'ndende likuchotsedwa pa zonse, kapena kutsatizana, kutanthauza kuti china chimayamba chinzake chikatha. Munthu sangamalize moyo umodzi n'kuyamba wachiwiri, aliyense akudziwa. Koma chilango chilichonse chimaima pachokha. Apilo ikagwetsa chimodzi, zinazo zimatsala. Bwanamkubwa wa Virginia akakhululuka, chifundo chake chimathera m'malire a Virginia. Nthawi imeneyo apilo za Muhammad zinali zisanathe, ndipo lamulo la zauchifwamba limene anamumangira nalo linali lisanayesedwepo pa mlandu wina. Chigamulo cha ku Virginia chikanagwa patapita zaka 15, Maryland ikanayamba kufunafuna mboni zimene zina zamwalira, zina zaiwala. Akuluakulu amati mlandu suola, koma umboni umaola.

Pali chifukwa chinanso chimene sichilembedwa m'mabuku a malamulo. Mabanja 6 a ku Maryland anali asanamvepo khoti likutchula dzina la m'bale wawo monga mwini mlandu. Ku Virginia abale awo anali umboni chabe pa mlandu wa wina. Ine ndimaona kuti chifukwa chimenechi pachokha chinali chokwanira. Mabanja a ku Alabama, Louisiana ndi Arizona sanapeze mwayi umenewo, chifukwa awiriwa sanakazengedweko.

Wina angafunse ngati kuzenga munthu m'maboma awiri sikuphwanya lamulo loletsa kuzenga kawiri mlandu umodzi. Pa nkhaniyi ayi, chifukwa imfa iliyonse ndi mlandu wake. Koma ku America ngakhale imfa imodzi ikhoza kuzengedwa kawiri. Larry Heath analemba ganyu anthu awiri kuti aphe mkazi wake mu 1981. Mayiyo anatengedwa kunyumba kwake ku Alabama, ndipo mtembo unapezeka ku Georgia. Heath anavomera mlandu ku Georgia n'kulandira chilango cha moyo wonse, poganiza kuti wazemba imfa. Alabama inamuzenganso n'kumulamula kuti aphedwe. Mu 1985 khoti la Supreme linati palibe cholakwika, popeza maboma awiri ndi eni malamulo awiri, ndipo aliyense walakwiridwa payekha. Heath anaphedwa ku Alabama mu 1992. Terry Nichols, wa mlandu wa bomba la ku Oklahoma City mu 1995, analandira chilango cha moyo wonse kukhoti la boma lalikulu, kenako mu 2004 Oklahoma inamupatsa zilango 161 za moyo wonse zotsatizana. Akusungidwa m'ndende ya boma lalikulu ku Florence, Colorado.

Muhammad anabwezedwa ku Virginia monga mwa pangano. Bwanamkubwa Tim Kaine anakana kumukhululukira, ndipo pa 10 Novembala 2009 anaphedwa ndi jakisoni wa poizoni ku ndende ya Greensville. Zilango 6 za ku Maryland zinathera pomwepo.

Malamulo atasuntha

Kwa Malvo nkhani inapita kwina, ndipo ndi pamene chitetezo cha Maryland chija chinaonekera ntchito yake. Mu 2012, pa mlandu wa Miller v. Alabama, khoti la Supreme linati n'kosaloledwa kuti lamulo lizikakamiza jaji kupereka chilango cha moyo wonse popanda parole kwa mwana. Jaji ayenera kuganizira msinkhu wake, amene anamutsogolera, ndi mwayi woti angasinthe. Mu 2016, pa mlandu wa Montgomery v. Louisiana, linati mfundoyi ikhudzanso amene anaweruzidwa kale.

Maloya a Malvo anayenera kumenya nkhondo ziwiri zosiyana, m'makhoti osiyana, pa munthu mmodzi. Ku mbali ya Virginia, mu Meyi 2017 Jaji Raymond Jackson wa khoti la boma lalikulu analamula kuti zilangozo ziwunikidwenso. Khoti la apilo linagwirizana naye mu 2018, ndipo khoti la Supreme linamva nkhaniyo mu Okutobala 2019. Lisanagamule, mu Febuluwale 2020 bwanamkubwa Ralph Northam anasayina lamulo lopatsa mwayi wopempha parole aliyense amene anapalamula ali mwana ndipo wakhala m'ndende zaka 20. Mlandu wa ku Supreme unathetsedwa pomwepo. Taganizani: chilango chimene jury inati n'chopanda parole chinasanduka chokhala ndi parole, popanda jaji aliyense kuchikhudza. Pakanapanda zilango za ku Maryland, sipakanakhala chilango china chomudikira Malvo ngati bungwe la parole la ku Virginia litamutulutsa. Mu Ogasiti 2022 bungwelo linamva pempho lake loyamba n'kukana.

Mwezi womwewo khoti lalikulu la ku Maryland linagamula, majaji anayi kutsutsana ndi atatu, kuti Malvo ayenera kupatsidwanso chilango mwatsopano pa milandu 6 ija, chifukwa jaji wa mu 2006 anaweruza mfundo za Miller zisanakhalepo. Khotilo silinanene kuti chilango chichepetsedwe. Linangoti jaji akhale pansi aganizirenso. Linavomerezanso lokha kuti mwina zonsezi zingakhale za papepala chabe, popeza Malvo ayenera kutulutsidwa kaye ku Virginia zilango za ku Maryland zisanayambe n'komwe.

Pamene pamangika

Munthu ali ndi ufulu wokhalapo pamaso pa jaji pamene akupatsidwa chilango. Malvo anakana kuti nkhaniyo imvedwe kudzera pa kanema ali m'ndende, anati akufuna akaime m'khoti ku Maryland. Virginia, pansi pa bwanamkubwa Glenn Youngkin, inakana kumubwereketsa. Mgwirizano wa detainer uja sunathandize, chifukwa uwu si mlandu wosazengedwa. Munthuyo anavomera kale kulakwa, chatsala ndi chilango chokha. Jaji wa ku Maryland alibe mphamvu yolamula mkulu wa ndende ya ku Virginia. Mu Sepitembala 2024 khoti la ku Montgomery County linaimitsa nkhaniyo popanda kutchula tsiku lina.

Mu 2005 Virginia yomweyo inamubwereketsa mosavuta pamene Maryland inkafuna kumuwonjezera zilango. Pamene Maryland yafuna kuwunikanso zilangozo, chitseko chatsekedwa. Ndikumvetsa nkhawa ya chitetezo ponyamula mkaidi wotere, koma ananyamulidwapo kale, ndipo anabwezedwa. Kukanaku kwasiya khoti lalikulu la chigawo china litapereka lamulo limene palibe angalikwaniritse. Ovutika si Malvo yekha. Mabanja a ku Maryland anali ndi chigamulo chomaliza mu 2006, tsopano ali ndi mlandu wotseguka umene sakudziwa ngati adzauona ukutsekedwa ali moyo. Ndipo jaji amene adzamve nkhaniyi, ngati idzamvedwe, adzafunika kuweruza maganizo a mnyamata wa zaka 17 kuchokera kwa mboni zimene zikukalamba chaka ndi chaka.

Loya amene ali ndi munthu wa milandu m'maboma awiri ayenera kufunsa zinthu izi asanalole kuti avomere kalikonse: ndani ali ndi mphamvu yoyamba pa thupi lake, chigamulo chilichonse chanena momveka kuti chilango chiyendera limodzi ndi cha kwina kapena chitsatira, ndipo masiku amene wakhala mobwereketsedwa awerengedwa ku chilango chiti. Nthawi zambiri masikuwo amawerengedwa kwa mwini wake womubwereketsayo, osati kwa wobwerekayo, ndipo pa milandu ya zaka zowerengeka kusamvetsa zimenezi kumadyera munthu miyezi yambiri. Jaji wa boma lina akhoza kulemba kuti chilango chake chiyendere limodzi ndi cha kwina, koma sangakakamize boma linalo kuti limulandire mkaidiyo kapena kuti liwerenge masiku mofanana naye.

Maryland inathetsa chilango cha imfa mu 2013, ndipo Virginia inatsatira mu 2021, choncho chifukwa chimene Ashcroft anasankhira Virginia kulibenso. Chisankhocho chilipobe. Malvo anakhala zaka zambiri ku ndende ya Red Onion, ndipo mu 2024 anasamutsidwira ku Keen Mountain, zonse za ku Virginia. Tsiku limene bungwe la parole la kumeneko lidzavomere pempho lake, ngati lidzafike, adzatuluka pachipata n'kulowa m'galimoto ya apolisi a ku Maryland, kupita ku Rockville, kumene kuli khoti la Montgomery County, kukaima pamaso pa jaji pa milandu 6 imene anaivomera mu 2006.